Kuitana Mwana Osatchula Dzina

Nkhani iyi ndinaimva koyamba pa siteshoni ya Balaka, zaka zija sitima ikuimabe paliponse, munthu n'kumagona pakhonde la siteshoni popanda wokufunsa kumene ukupita. Sitima inachedwa, ndiye tinasonkha moto wa zitsononkho kuseri kwa nyumba ya katundu. Anatisimbira ndi bambo wina wa ku Ntcheu, dzina lake Gilibati, ndipo ankanena za mlongo wake weniweni. Nkhaniyi ndayenda nayo m'maesiteti a fodya ndi m'minda ya nzimbe, koma sinapepukebe. Poti uvuni wa njerwa sufuna munthu wosinza, sendezani nkhunizo ndikuuzeni mmene ndinaimvera.

Mlongo wakeyo anali Esinati, mayi wamkulu ndithu, wogulitsa nsalu mumsika wa Limbe. Anakwatiwapo kawiri, ndipo maukwati onse anathera pa chinthu chimodzi: sanaone mwana. Abale anasiya kumufunsa, koma maso awo sanasiye kumugwera pamimba. Chaka chimenecho malonda anamuyendera, ndiye anati Tsiku la Anakubala lino asangogula shuga ndi sopo monga zaka zonse. Awakweze mayi ake sitima ya pamadzi, m'chipinda chokhala ndi bedi, akaone nyanja imene ankangoimva kwa anthu.

Anakwera mibadwo inayi. Panali mayi awo, Anangozo. Panali Esinati ndi Gilibati. Panali Sungeni, mwana wamkazi wa Gilibati. Ndiye khanda la Sungeni, la miyezi yochepa, lonenepa masaya. Khandalo Gilibati analitcha Damiyano, dzina la malemu bambo ake. Apa ndiye panali nkhani, chifukwa Anangozo anali Mngoni wakale. Zaka zonse za ukwati wawo sanalitchulepo dzina la mwamuna wawo, ndipo imfa sinasinthe kanthu. Chidzukulutudzi chawocho ankangochitcha mwana. Gilibati, amene mowa ndi nthabwala zinali zake, ankawanyengerera kuti akalitchula kamodzi kokha awagulira nkhuku yathunthu kukhitchini ya sitima. Iwo ankangomuyankha kuti alitchule yekha, poti mwambo anagulitsa kumowa.

Esinati anadula zitenje zitatu zamaluwa ofanana. Atazitulutsa m'chikwama sitima itangonyamuka, Anangozo anatenga chawo, anapatsa Sungeni china, kenaka anati chachitatucho chisungidwe, poti nsalu ya tsikuli ndi ya anakubala. Sananene mwankhanza. Ananena monga munthu anganenere kuti kunja kukutentha. Esinati anachipinda n'kuchibwezera pansi pa zovala.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, sitima inaima pa doko lina laling'ono kupitirira Nkhotakota. Panalibe mlatho wokochezapo. Sitima inaponya nangula patali, anthu ndi matumba a simenti n'kumapita kumtunda pa maboti. Atamva kuti kutsitsa katundu kutenga nthawi, Gilibati anati atsike akajambulitse ndi kufuna nsomba yootcha.

Kumtundako mchenga unkatentha ngati chiwaya. Mthunzi unali umodzi wokha, pansi pa mkuyu kumapeto kwa gombe, pamene panayambira bango. Esinati anaona kuti eni malowo, ngakhale dzuwa linkawawamba chotero, palibe amene anakhala pamthunzipo. Ndi agalu omwe anagona padzuwa, malilime ali panja. Anaganiza kuti mwina pali linthumbu, anayang'ana pansi, panalibe. Anakhala. Sungeni anayala chitenje chake chatsopano, anagonekapo mwana, mwanayo n'kugona tulo tofa nato.

Sitima italiza hutala, Sungeni anangomunyamula n'kuyamba kuthamangira boti. Anangozo anamuimitsa. Kwawo, mwana akagona pamalo achilendo sumangomutola ngati thumba. Umamuitana, kuti mzimu wake usatsale ukusewera pomwepo. Sungeni, wokulira m'tauni, anaseka, anati agogo boti litisiya, n'kupitirira. Esinati manja anali odzaza ndi zikwama. Choncho Anangozo anawerama okha, anapapasa pansi pamene panagona mwana, n'kunena momveka:

"Iwe mwana, dzuka. Tiye tizipita, usatsale pano."

Kunalibe mphepo, koma bango linagwedera chapansi, ngati kanthu kakukwawa pakati pake. Esinati anati mwina ndi ng'azi.

Pa makwerero a sitima panaima wantchito wolandira anthu. Analandira Damiyano, anamupatsira mnzake wa pamwamba, kenaka anatambasulanso manja. Anaima choncho, manja ali m'malere, akuyang'ana kumbuyo kwa miyendo ya Sungeni.

"Winayo?" anafunsa wantchitoyo.

Sungeni anafunsa kuti wina uti. Munthuyo anabweza manja, anawapukuta pa ovolosi. Tsiku lonselo akawaona ankapatuka.

Zinayamba ndi tinthu tosayenera kudandaula nato. Pabedi la Sungeni panapezeka mchenga wonyowa, kumapazi. Gilibati anati ndi amayi, aba mchenga wa kunyanja kuti akaonetse anzawo a kumpingo ku Ntcheu. Anasesa, koma posakhalitsa unalipo wina. Kasokosi ka mwana kanasowa kamodzi. Kasupuni kanasowa. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la matope a m'dambo, ngakhale zenera linali lotsekula ndipo mphepo ya panyanja inkalowa bwinobwino. Chakumadzulo Sungeni anafunafuna chitenje chake osachipeza.

Anachipeza ndi Esinati, pa masitepe otsikira kunsi kumene kumakhala anthu a matikiti otsika mtengo. Chinali chonyowa, ndipo chinali chomangidwa mfundo, mfundo ija amamanga pachifuwa mayi akabereka mwana. Ali chiimire nacho m'manja, mayi wina amene anakhala pa dengu la tomato anamupatsa moni, n'kumufunsa ngati amapasa aja agona. Esinati anati mwana ndi mmodzi. Mayiyo anamuyang'ana, anayang'ana chitenjecho, kenaka anakoka dengu lake n'kusunthira kutali.

Atagona, Esinati anali pabedi la pamwamba, Sungeni ndi mwana pansi, Anangozo pabedi la kukhoma linalo. Gilibati anali kumowa, kubala la m'sitima. Injini inkalira mwakachetechete pansi pa zonse, ndipo mkati mwa kulirako Esinati anamva mwana akuyamwa. Anali kuyamwa mwadyera, osapumira, ngati kamwana ka mbuzi kamene katsekeredwa tsiku lonse. Anasuzumira pansi. Kuwala kwa nyali ya pakhonde kunkalowa pang'ono. Sungeni anagona chagada, bulauzi ili yotsekula. Damiyano anagona kukhoma, kutali ndi bere, pakamwa pali potseka.

Kuyamwako kunkapitirirabe.

Anatsitsa mwendo kuti atsike. Phazi litangokhudza pansi, phokoso lija linati zii. Pansipo panali ponyowa ndi pozizira. Anabweza mwendo, anafunda kumutu, ndipo sanauze munthu. Ankadziwa dzina limene anthu amapatsa mkazi wosabereka amene wayamba kumva makanda mumdima.

Kutacha linali Tsiku la Anakubala. Pa sitima anapachika timapepala tamitundumitundu, wailesi n'kumaimba nyimbo zotamanda amayi. Sungeni anadzuka akudandaula kuti mabere akumupweteka ndipo ali pepuu, ngati wayamwitsa usiku wonse. Anaika mwana kubere. Damiyano anakoka, anakoka, anasiya n'kulira. Anamusinthira bere linalo, chimodzimodzi. Gilibati anati ndi kutentha, mtsikanayo amwe tiyi wambiri. Anamwa tiyi, anamwa thobwa, mabere anadzaza ndithu mpaka kuuma, koma pofika poti anyamule mwana anali ataphwanso.

Esinati anagula mkaka wa m'chitini pa kagolosale ka m'sitima, anawiritsa botolo yekha, anaika nsonga yake pakamwa pa mwana. Mkaka unkatsika m'botolomo iye akuona, mpaka unatha. Koma khosi la mwana silinameze ngakhale kamodzi, ndipo milomo yake inali youma gwaa. Anapanga lina. Linathanso. Mkulu wina wa m'sitima amene ankasunga bokosi la mankhwala anabweretsa madzi a mchere ndi shuga, anathira pa supuni, supuniyo n'kufika pakamwa ili youma. Anayesanso, kenaka anaika kapu pansi, ananena kuti chipatala chili ku Nkhata Bay, afika m'mawa, injini singathamange kuposa apa. Anatuluka mosatembenuka.

Pofika masana Damiyano anasiya kulira. Thewera linali louma kuyambira usiku. Esinati anamusisita pamutu n'kupeza liwombo litalowa, moti chala chinkakwanamo.

Madzulo kuchipinda chodyera kunali phwando. Anangozo anaumirira kuti apite, poti chakudya chinali cholipiriratu ndipo anthu angawaseke. Anakhala pamutu pa tebulo atavala chitenje chawo, duku lili njo. Gilibati anali atakonza mawu oti alankhule, koma ataimirira anangoti amayi tikuthokoza, n'kukhala pansi. Sungeni anakhala ndi mwana pamiyendo, akumupemerera ndi kapepala. Esinati sankadya. Ankayang'ana mayi ake, ndipo anaona kuti nawonso sakudya. Maso awo sanali pa mwana. Anali pansi, pambali pa mpando wa Sungeni, pamene thabwa linkaoneka lakuda ngati pathiridwa madzi.

Anthu atayamba kuvina, Esinati anawagwira dzanja n'kutuluka nawo kukhonde la kumbuyo, kumene kunalibe munthu. Kumtunda sikunkaoneka nyali ngakhale imodzi.

"Amayi, pali chimene mukudziwa."

Anangozo anayamba ndi kukana. Anati mwana wadwala kutentha, ana a masiku ano ndi ofooka. Esinati sanawasiye dzanja. Ndiye anayamba kulankhula, akuyang'ana madzi. Anati pansi pa mkuyu paja, chakubango, anaona timitumbira tating'ono ndi mapale a miphika. Anayesa ndi mizere yakale ya mbatata. Anazindikira ali kale m'boti, atakumbukira kumene iwo eni anaperekezako anzawo kudambo la kwawo. Pamalo onyowa ngati paja ndi pamene amayi amakaika mitayo, ana obadwa atafa kale. Oterowo saliridwa, sawerengedwa, sapatsidwa dzina. Amaikidwa ndi amayi okhaokha m'kadzenje kosaya, n'kubwerako osacheuka.

"Ndinaitana osatchula dzina," anatero. "Paja onse alibe mayina. Amene anamva ndi amene anadzuka."

Esinati anawafunsa chifukwa chake sanangotchula, kamodzi kokha, kunalibe ndi womva yemwe.

"Dzina la abambo ako? Pakamwa panga pano?"

Ananena modabwa ndithu, ngati wawafunsa chifukwa chake sanavule pamsika.

Esinati anati ndiye amubweze. Anangozo anati sitima siidzadutsanso paja mpaka sabata yamawa, ndipo ngakhale ikanabwerera pompano, munthu umamubweza pomutchula. Uyu umutchula kuti ndani? Anati wodzukayo sakufuna kupha ayi. Akungotsata mkaka, poti za amayi chimene akudziwa n'chomwecho, ndipo njala yake ndi ya zaka. Angasiye bere la Sungeni pokhapokha mkazi wina atamupatsa dzina n'kumubereka kumsana, akhale wake. Koma womubereka samutsitsa. Sakula, sayenda, saleka kuyamwa kuti udzapume. Ndipo akamva fungo la mkaka pafupi amatakataka, moti mayi wake sangakhale mudzi umodzi ndi khanda.

"Munamuitana ndinu," anatero Esinati. "Mutengeni."

"Ine msana wanga unatha ndi inu. Ndingafe naye mwezi uno, ndiye abwerere kwa Sungeni."

Sanapemphe kanthu. Anangotembenuka n'kuyang'ana msana wa mwana wawo, monga mlimi ayang'anira nthaka imene sinagwepo khasu. Pamenepo Esinati anazindikira kuti akhala akuuyang'ana chotero kuyambira m'mawa.

Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Anaganiza za benchi yake mumsika, za kanyumba kake ka malata kamene anamanga yekha, za ana a anansi amene ankabwera kudzadya mandasi pakhonde pake Lamlungu. Anaganiza zoti ulendo wonsewu anaukonza ndi iye, ndipo pa tebulo lija palibe amene anamutchula. Anawasiya mayi ake pomwepo, akunena mumtima kuti aliyense asenze wake.

Kuchipinda anapeza Gilibati atagwada pakhomo, mowa wonse utamuthera m'maso. Sungeni anakhala pabedi, mwana ali pachifuwa. Maso a Damiyano anali otsekuka pang'ono, akuoneka oyera okhaokha, ndipo kupuma kwake kunkachita kufunafuna. Fungo la matope linali litadzaza m'chipindamo moti linkamveka pa lilime. Kumapazi a bedi matiresi anali atalowa pang'ono, ngati pakhala kanthu.

"Azakhali," anatero Sungeni, "mapazi ake akuzizira. Gwirani muone."

Esinati anagwira. Mtsikana ameneyu anamulera ndi iye mayi ake atamwalira, anamuluka tsitsi la kusukulu, anamudikirira pakhomo la chipatala tsiku lobadwa mwanayu. Anaima nthawi yaitali timapazi tija tili m'manja mwake. Kenaka anauza Gilibati kuti atuluke atseke chitseko, anauza Sungeni kuti atsinzine ndipo asatsekule maso ngakhale amve chiyani.

Anatenga tawulo lalikulu pa msomali. Anagwada pakati pa chipinda, anafulatira bedi, anawerama monga amachitira mayi kuti mwana akwere yekha. Dzina anali nalo. Analisankha ali mtsikana, pa ukwati wake woyamba, ndipo analisunga zaka zonsezo osauza ngakhale amuna ake. Analinena chapansipansi, moti Sungeni anangomva kuti milomo yayenda. Analinenanso.

"Siya bere la eni. Bwera kuno kwa amayi ako."

Kwa kanthawi kunalibe chilichonse. Kenaka bedi linalira. Kanthu kanatsika pansi, phofo, ngati nsalu yonyowa yagwa pachingwe. Kanayamba kubwera, kakukoka, kakupumira, kakukoka, ndipo mtunda wa mikono iwiriwo kanauyenda ngati ulendo. Esinati anamva kuzizira pa chidendene, kenaka pa chiuno. Anafuna kudzuka athawe, koma anakhalabe chowerama. Kuzizirako kunakwera msana pang'onopang'ono mpaka kunakhazikika pakati pa mapewa. Sikunali kolemera, mwina ngati chikho cha madzi. Tinthu tina tinafufuza pakhosi pake, tinapeza kolala ya diresi, tinagwira.

Anaponya tawulo kumbuyo, analikoka m'khwapa, anamanga pachifuwa. Manja anadziwa okha, ngakhale mfundo imeneyo ankangomangira ana a anthu.

Damiyano analira. Kunali kulira kosasa, koma kunali kulira. Sungeni anatsekula maso n'kupeza bulauzi yonse itanyowa mkaka, ndipo mwana atangokhudza bere anayamba kumeza, khosi likuyenda. Gilibati anatsekula chitseko. Anatiuza pa Balaka paja kuti anayang'ana tawulo la mlongo wake kamodzi kokha. Silinali lophwa, komanso silinali lodzaza. Sanayang'anenso.

Esinati sanagone m'chipindamo. Anakakhala kukhonde la kumbuyo mpaka kunja kunayera, ataimirira, chifukwa akakhala pansi kumsanako kunkavuta. Anangozo anabwera ndi kapu ya tiyi, anaiika pambali pake, kenaka anabwerera.

Atakocheza pa Nkhata Bay anathamangira kuchipatala. Kumeneko anati mwana anangotha madzi m'thupi, achira. Esinati sanalowe. Anaima kunja kwa mpanda, padzuwa, kutali ndi amayi amene ankabwera ndi makanda kusikelo, tawulo likudontha pang'onopang'ono kumbuyo kwa miyendo yake. Gilibati atatuluka kudzamuuza, iye anamupatsa makiyi a nyumba ndi a benchi ya kumsika. Anati sakwera nawo sitima yobwerera, ngakhale basi imodzi sakwera nawo. Gilibati anafunsa kuti nanga apita kuti. Anati kumene kulibe woyamwitsa. Gilibati anati malo otero padziko kulibe, achemwali. Iye anati ndiye aziyenda.

Sungeni anatuluka pachipata akuthamanga, misozi ili mbwembwembwe, manja atatambasula kuti awakumbatire azakhali ake. Esinati anabwerera m'mbuyo. Anali akudzigwedeza uku ndi uku, dzanja limodzi likusisita pansi pa tawulo.

"Usayandikire, mwanawe, ukununkha mkaka," anatero motsitsa mawu. "Wangogona kumene."

Gilibati anathera pamenepo. Wina pamoto paja anamufunsa ngati anadzaonananso naye mlongo wakeyo. Anati amangomva. Ku Jenda anamuuza za mayi wina wogulitsa nsalu zakaunjika amene sachotsa tawulo kumsana, koma atafika anapeza atasamuka, poti mkazi wa mwini nyumba anachira mwana wamkazi. Ku Mchinji chimodzimodzi. Tsiku limenelo anali kupita ku Nayuchi, wina atamuuza kuti anamuona kumeneko.

Dzinalo musandifunse, Gilibati mwini wake sanalidziwe. Ndipatsireni chijasi changacho, mwakhalira. Ndikudziwa kuti kukadali madzulo ndipo mbatata zanu sizinapse, koma lole ya matabwa imadutsa pamphambano nthawi ngati ino, ndipo woyendetsa wake sadikira munthu. Mbali iyo moto wachepa, njerwa zingatuluke zosapsa. Tsalani bwino.